Ngongole za ku yunivesite: akhululukire ndani?

Mphatso wa ku Ndirande:
Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani, koma musanditenge ngati munthu wofuna kuthawa ngongole. Tinene kuti tsiku lina boma laganiza zokhululukira anthu ngongole za ku yunivesite, zija za Loans Board. Kodi likhululukire aliyense mofanana, kapena liyambe laona kaye kuti munthuyo zikumuyendera bwanji? M'kalasi mwathu ena ali m'mabanki mu Victoria Avenue, ena tili pa katebulo ka Airtel Money pamsika, digiri ili m'chikwama kunyumba. Koma papepala tonse ndife angongole ofanana.

Che Jali a ku Chigumula:
Mwana wanga, ngongole ndi ngongole. Posaina paja palibe analemba kuti adzabweza zikadzamuyendera. Ine ndinaphunzira ku Chancellor College kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, yanga ndinabweza yonse, lisiti ndili nalo. Mukayamba zosankha kuti uyu timumvere chisoni, uyu ayi, mawa aliyense adzuka ali wosauka.

Kondwani:
Madala ayamba ndi lisiti 😂

Bambo a Yamikani (admin):
Tisanapse mtima, tiyeni tidziwe kaye chimene tikukambirana. Bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 2015. Linapatsidwa ntchito ziwiri: kubwereketsa ophunzira osowa, ndi kutolera ngongole zakale, kuyambira za mu 1985. Munthu akamaliza maphunziro amapatsidwa zaka ziwiri zopumira, kenako ngongole yakhwima. Ife olemba anthu ntchito lamulo limatikakamiza kudula kumalipiro n'kutumiza. Ineyo ndi amene ndimakonza malipiro pa kampani yathu ku Makata, ndiye ndimaziona mwezi ndi mwezi.

Chachikulu n'chakuti thumbali ndi lozungulira. Imene wabweza iwe ndi imene abwereke mwana wa chaka chamawa. Ndiye tikamati "boma likhululuke", tidziwe kuti dzenje likutsalalo wina alikwirire, kaya ndi Treasury kaya ndi mwana amene auzidwe kuti dzina lake silinatuluke.

Mayi a Tadala (Limbe):
Apo ndiye mwanena, bambo. Wanga ali chaka choyamba ku MUBAS, ku Poly kuja. Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa Limbe, fizi yonse sindingaikwanitse. Ndikamva anthu akuti akhululukire onse, mtima umandigunda, chifukwa ndikudziwa kuti amene alire ndi Tadala. Ine sindinapiteko ku yunivesite, koma msonkho ndimadula pa sopo, pa mafuta, pa chilichonse. Ndiye msonkho wangawo ukafufute ngongole ya bwana woyenda pa Prado?

Mphatso wa ku Ndirande:
Mayi, n'chifukwa chake ndafunsa motero. Wa Prado alipire, ndipo alipire lero. Ine ndikunena za amene tilibe podulidwa.

Che Jali a ku Chigumula:
Nanga adziwa bwanji kuti iwe ulibe? Akufunsa iweyo?

Aphunzitsi Nachisale (Bangwe):
Che Jali afunsa funso lenileni, ngakhale alifunsa mokalipa. Ine ndikugwirizana ndi Mphatso kuti anthu si ofanana. Koma kwathu kuno mawu akuti "tiona mmene munthu alili" amatsegula khomo limene tonse timalidziwa. Pakhala komiti, pakhala fomu, pakhala chidindo. Amene ali ndi amalume ku Capital Hill fomu yake iyenda ngati madzi, wa ku Ntopwa yake isowa katatu. Tinaziona pa makuponi a feteleza, tinaziona pa chimanga cha njala. Ngakhale pakampasi pomwe, tinkaona ena otsika m'galimoto za makolo awo ali pa loni, mnzako wobwera ndi thumba la mgaiwa kuchokera ku Phalombe atakanidwa. Amene adziwa kulemba nkhani yomvetsa chisoni si amene ali pamavuto kwambiri nthawi zonse.

Ndiye ine ndikuti zitengere mmene munthu alili, inde, koma zikhale zinthu zooneka ndi maso, zimene kalaliki sangazipinde. Munthu wamwalira. Munthu walumala moti sangagwirenso ntchito, madokotala atsimikiza. Munthu malipiro ake ndi awa, MRA ikuwaona. Zimenezo. Osati makalata odandaula.

Kondwani:
Aphunzitsi, satifiketi ya imfa anthu amagulanso. Munthu kumwalira papepala, Loweruka n'kukumana naye ku Kamuzu Stadium akuchemerera Bullets.

Aphunzitsi Nachisale (Bangwe):
Ameneyo ndi mmodzi pa anthu angati, Kondwani? Ndipo kudzipha papepala masiku ano a chiphaso cha unzika ndi kudzitsekera akaunti ya kubanki ndi simu khadi yomwe. Ayesere.

Dalitso (Leeds):
Moni kumudzi. Ndangotuluka ku ntchito ya usiku, ndapeza nkhani yakoma. Mundilole ndikuuzeni mmene amachitira kuno ku England, chifukwa anzanga ambiri m'wodi ali nazo ngongolezi. Palibe amene amalemba kalata yopempha chifundo. Pali mlingo wa malipiro umene boma linaika. Ukamalandira pansi pa mlingowo sudulidwa kalikonse. Ukaudutsa, amadula 9 peresenti ya ndalama zimene zapitirira pamlingopo, osati za malipiro onse, ndipo imadulidwira limodzi ndi msonkho. Ntchito ikatha, kudulako kumaima kokha. Amene anayamba sukulu kuyambira 2012, zikatha zaka 30 yotsala imafufutidwa. Amene ayamba kuyambira 2023 anawaonjezera, ndi zaka 40. Ukamwalira kapena kulumala kotheratu, imafufutidwanso. Australia ndi imene inayamba njira imeneyi, mu 1989.

Chimene ndimaikondera n'chakuti munthu sachita kudziyalutsa pamaso pa komiti. Mphatso lero sakanadulidwa. Mawa akapeza ntchito ku Reserve Bank, adulidwa, afune asafune.

Che Jali a ku Chigumula:
Achemwali a ku Leeds, tithokoze. Koma ndifunse, poti mwabwera nokha. Inu munaphunzira unamwino kuno kwathu, pa ndalama za a Malawi. Lero mukusamala nkhalamba za Azungu, ku Queens anamwino akuperewera. Yanu ngongole ili pati?

Kondwani:
Eish. Ndatenga mpando.

Dalitso (Leeds):
Funso labwino, bambo, sindikwiya. Yanga ndinamaliza chaka chatha. Ndinena zoona, kwa ine sinali yolemera, chifukwa paundi ikasinthidwa kukhala kwacha imachuluka. Ndipo ndikugwirizana nanu kuti ife a kunja tisakhale pa mndandanda wa okhululukidwa ngakhale pang'ono. Ndikudziwa anzathu kuno, ku Ireland ndi ku Joni amene sanabwezepo ngakhale tambala, koma akumanga ku Chileka ndi ku Mpemba. Amenewo awapeze pokonzetsa pasipoti.

Koma za kuchoka kwanga tidzakambe tsiku lina, muyambe mwafunsa malipiro a namwino ku Malawi.

Bambo a Yamikani (admin):
Njira ya Dalitso ndi yokongola, koma ili ndi fupa. Ku England pafupifupi aliyense wogwira ntchito amaoneka ku msonkho. Kuno ambiri sali pa PAYE, msonkho uja wodulidwa kumalipiro. Ndikupatseni chitsanzo. Mnyamata wina amene ndinaphunzira naye ali ndi maminibasi oyenda Limbe–Blantyre ndi shopu ya zipangizo zomangira. Payslip alibe. Tikatsata njira ya malipiro, iyeyo ndi wosauka kuposa Aphunzitsi Nachisale. Ndiye amene amafinyidwa ndi omwewo ooneka: mphunzitsi, namwino, kalaliki. Amenewo ndiye osavuta kuwagwira, dzina lili kale pa mndandanda wa malipiro a boma.

Aphunzitsi Nachisale (Bangwe):
Ndi zimenezo. Ife timadulidwa tisanaione ndalamayo. PAYE, penshoni, SACCO, loni ya sukulu, pofika pa 10 uli kale pakhomo pa wakatapila.

Ndipo apa ndiponyepo yanga. Ku America kuli dongosolo limene linayamba mu 2007, lotchedwa Public Service Loan Forgiveness. Munthu wogwira ntchito m'boma kapena m'bungwe losapanga phindu akalipira miyezi 120, zimene ndi zaka khumi, yotsala amamufufutira. Bwanji ifenso? Mphunzitsi wa sayansi akavomera kukakhala pa CDSS ya ku Neno kapena ku Chapananga zaka zisanu, kopanda magetsi, nyumba yodontha, bwanji osamudulira theka? Boma limavutika kupeza anthu okakhala kumeneko. Kumeneko si kumumvera chisoni, ndi kumulipira.

Mayi a Tadala (Limbe):
Aphunzitsi, ndimakulemekezani, koma apa mwadzikokera bulangete. Inu mwezi ukatha mumalandira, kaya zochepa. Mudzapuma ndi penshoni. Mphatso alibe chilichonse. Ndiye woyamba kukhululukidwa akhale wa ntchito, wosowa ntchito adikire?

Aphunzitsi Nachisale (Bangwe):
Ine ndili ku Bangwe, mayi, m'tauni. Sindingalowemo m'gulu limenelo. Ndikunena za anzanga a kumidzi.

Mayi a Tadala (Limbe):
Chabwino. Koma mukudziwa mmene zimakhalira. Munthu alembetsa kuti ali ku Neno, chaka chimodzi, kenako kalata ya dokotala, kenako "ndikutsatira abambo kunyumba", wabwerera ku Chichiri. Ngongole yafufutidwa kale.

Aphunzitsi Nachisale (Bangwe):
Ndiye azifufuta pang'onopang'ono, chaka chikatha gawo, chaka chikatha gawo. Wathawa, zaima pomwepo.

Chikondi:
Ndakhala ndikungowerenga. Pali gulu limene simunalitchule, ndipo ine ndili momwemo. Ife amene tinatenga loni koma digiri sitinaitenge.

Bambo anga anamwalira ndili chaka chachiwiri. Ine ndine woyamba kubadwa. Ndalama ya upkeep ndinkaigawa pawiri, ina kutumiza kwa amayi ku Chiradzulu, ine kumadya kamodzi. Loweruka ndi Lamlungu m'malo mowerenga ndinkakagulitsa kaunjika. Mayeso anandikana, ndinabwereza, anandikananso, ndinawidedwa, kunena kuti anandichotsa sukulu. Sindikunamizira munthu, amene ndinalephera ndine. Koma taganizani. Ngongoleyi amabwereketsa poganiza kuti udzapeza ntchito ya digiri n'kubweza. Ine ndili ndi MSCE yomwe ndinalowa nayo, kuonjezapo ngongole. Mphatso akhoza kuitanidwa ku intavyu mawa. Ine andiitane ndani?

Sindikupempha kuti andifufutire lero. Koma lamulo lililonse limene lingamandione ine ndi dokotala wa ku Mwaiwathu ngati anthu ofanana, lamulo limenelo ndi lakhungu.

Mphatso wa ku Ndirande:
Pepani achimwene. Sindimadziwa.

Che Jali a ku Chigumula:
Pepa mwana wanga. Nkhani yako ndi yowawa. Koma ndiyankhula monga kholo. Si onse owidedwa anawidedwa ndi umphawi. Ena anawidedwa ndi mowa wa pa Chikanda. Tikati aliyense wolephera akhululukidwe, tikuuza ana kuti kulephera kuli ndi mphotho.

Chikondi:
Bambo, palibe munthu angasiye digiri dala kuti apulumuke ngongole. Kuli ngati kuotcha nyumba pothawa lendi.

Dalitso (Leeds):
Ndipo apa ndi pamene njira yoyang'ana zimene munthu akupeza imathandiza. Safunsa kuti unalephera chifukwa chiyani, mowa kapena maliro. Amangoona kuti lero ukupeza zingati. Wa ku Chikanda uja akadzalemera ndi bizinesi, alipira. Chikondi zikapitirira kumuvuta zaka zonsezo, imafa yokha. Komiti yoweruza makhalidwe a anthu palibe.

Bambo a Yamikani (admin):
Che Jali, ndikufuna ndinene chinthu chimene chikhudza inu ndi ine tonse, musandikwiyire. Kukhululuka kumene tikukuopaku kunachitika kale, ndipo amene tinakhululukidwa ndife akuluakulu.

Nthawi yathu, zaka za m'ma 2000 zoyambirira, fizi ya ku University of Malawi inali K25,000 pachaka. Chakudya tinkadyera ku kafeteriya, malo ogona analipo. Zaka zinayi, K100,000. Nthawi yanu inali yochepa kuposa pamenepo. Ambiri a ife sitinabweze nthawi yomweyo, chifukwa kunalibe wotilondola. Kwacha inagwa mu 2012. Inagwanso ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu wobweza K100,000 ija lero, ngakhale muikepo chiwongoladzanja, akubweza ndalama yosakwana lendi ya mwezi umodzi ku Namiwawa. Anabwereka ng'ombe, wabweza nkhuku. Ndipo anthu ake ndi ati? Ndi mabwana a makampani, maloya, ma PS, aphungu. Palibe anawafunsa kuti zinthu zikuwayendera bwanji. Nthawi ndi kugwa kwa kwacha zinawakhululukira mwakachetechete.

Mwana wa lero akubwereka mamiliyoni, akulipira yekha hostel ku Chitawira kapena ku Ginnery Corner, akumaliza n'kupeza ntchito kulibe. Ndiye ife amene tinadya zofewa tikamamuuza kuti ngongole ndi ngongole, tizinena motsitsa mawu.

Kondwani:
Admin lero mwadya chiyani 🔥🔥

Che Jali a ku Chigumula:
Bambo a Yamikani, ine ndinabweza kwacha ikadali kwacha, ndiye mwalawo sunandigunde. Koma mfundo yanu ndaimva, ndipo ikundithandiza ine. Ngati akale anabera thumba pochedwetsa, mankhwala ake ndi kuwalipiritsa molingana ndi mtengo wa lero. Munthu anatenga fizi ya zaka zinayi, abweze fizi ya zaka zinayi ya lero. Si kunena kuti poti akale anaba, atsopano nawonso asabweze. Thumba likhala la ndani?

Za womwalira ndi wolumala, palibe munthu wamisala angapite kukalanda mbuzi za mayi wamasiye. Zimenezo sindinatsutsepo.

Aphunzitsi Nachisale (Bangwe):
Ndiye mwavomera kuti zimatengera mmene munthu alili.

Che Jali a ku Chigumula:
Ndavomera imfa. Imfa sinama. Ulova umanama.

Mphatso wa ku Ndirande:
Madala, ulova wanga ukunama? Bwerani pa msika wa Ndirande mudzandione.

Che Jali a ku Chigumula:
Iwe ndakukhulupirira. Koma pa tebulo lakolo umapeza kanthu, si choncho? Ngakhale K5,000 pamwezi ukanamaponya, bwenzi ukuonetsa mtima. Vuto la ana a lero mukufuna ziro.

Mphatso wa ku Ndirande:
K5,000 ndikhoza, miyezi ina. Koma ndiye mwabwera kumbali yanga, chifukwa wa kubanki uja simungamuuze K5,000. Mwandiyezera molingana ndi thumba langa.

Mayi a Tadala (Limbe):
Ndikuuzeni mmene timachitira ku banki mkhonde kwathu, mwina ophunzira inu mutolapo kanthu. Munthu akabwereka n'kugwa m'mavuto, sitithamangira kufufuta. Timayamba taona kuti vutolo ndi lodutsa kapena lokhala. Nthawi ya Freddy, mu March 2023, amayi awiri a m'gulu mwathu a ku Chilobwe nyumba zinapita ndi matope, katundu wa geni yense. Tinawaimitsira, osawerengera chiwongoladzanja, mpaka anadzuka. Anabweza onse awiri. Koma mayi wina atamwalira, ngongole yake tinaitseka ndi kathumba kapadera kamene timasonkha sabata iliyonse ka zamavuto. Ana ake sitinawavutitse. Ndipo wina amene ankangozemba ali ndi ndalama, tinakamunyamulira mbaula ndi wailesi.

Kusiyana kwake n'kwakuti ife timadziwana. Ndikudziwa amene wadya nyama dzulo. Boma silidziwa munthu.

Aphunzitsi Nachisale (Bangwe):
Mayi a Tadala atithandiza. Takhala tikusakaniza kuimitsa ndi kufufuta. Mphatso safunika kufufutiridwa, ali ndi zaka zambiri kutsogolo, akhoza kudzakhala bwana. Iyeyo amuimitsire, ndipo ngongole isamakule ali pa ulova, dzina lake lisapite ku credit reference bureau ngati wakuba, chifukwa likapita kumeneko ngakhale loni ya bizinesi sangaipeze, ndiye adzabweza ndi chiyani? Kufufuta kusungidwire amene sadzadzukanso.

Ndipo kathumba kapadera kaja n'kofunika. Kufufuta kulikonse kukhale ndi ndalama yake mu bajeti, yolembedwa poyera, Nyumba ya Malamulo ivomereze. Isachoke pa ndalama ya Tadala.

Kondwani:
Inu mukuvutika ndi maganizo. Dikirani chaka cha chisankho, wina adzaima pa Njamba n'kunena kuti ngongole zonse zafufutidwa, ife n'kuimba m'manja. Nkhani yatha.

Bambo a Yamikani (admin):
Ukuseka, koma chimenecho ndiye choopsa kuposa zonse. Anthu akangomva fungo loti mwina adzafufuta, ngakhale amene amalipira bwinobwino amaima kudikira. Ndipo zolengeza pamsonkhano sizikhalitsa. Taonani ku America. Mu 2022 Joe Biden analengeza kuti afufuta mpaka madola 10,000 pa munthu, ndi 20,000 kwa amene anachokera m'mabanja osauka n'kulandira thandizo la Pell Grant, bola munthuyo azipeza pansi pa madola 125,000 pachaka. Anthu mamiliyoni analembetsa. Mu June 2023 khoti lalikulu la dzikolo linati pulezidenti analibe mphamvu zochitira zimenezo popanda nyumba ya malamulo. Zonse zinathera pomwepo. Onani kuti ngakhale kumeneko, kolemera, sanati aliyense, anaika malire a malipiro. Koma phunziro langa ndi lakuti zinthu izi zilembedwe m'lamulo, munthu azidziwa posaina kuti zikadzatere zidzatere.

Dalitso (Leeds):
Malire a mtundu umenewo alinso ndi vuto lake. Ku South Africa, Jacob Zuma atalengeza mu December 2017 za maphunziro aulere, anati ndi a mabanja opeza osapitirira R350,000 pachaka. Nanga banja lopeza R360,000, la ana atatu? Latsala panja, losauka silili, lolemera silili. Mzere ukakhala umodzi, wongoudutsa pang'ono amalangidwa. N'chifukwa chake kudula peresenti ya zopitirira kuli bwino, umakwera pang'onopang'ono.

Che Jali a ku Chigumula:
Mwatitengera ku England, ku America, ku Joni. Bwererani ku Limbe. Funso la Bambo a Yamikani la mwini maminibasi palibe waliyankha.

Bambo a Yamikani (admin):
Ndiyesere ndekha. Munthu akhoza kubisa malipiro, koma sangabise moyo wake wonse. Kuyambira 2017 tili ndi chiphaso cha unzika, ndipo nambala yake ili ku banki, pa simu khadi, ku Road Traffic. Minibasi imalembetsedwa m'dzina la munthu. Bizinesi imalembetsedwa. Wofuna tenda ya boma amafunika mapepala a msonkho. Wogula puloti ku khonsolo amasaina. Ku Kenya bungwe lawo la ngongole za ophunzira, HELB, limapereka satifiketi yoonetsa kuti munthu akubweza bwino, ndipo pa ntchito zambiri za boma amaifuna munthu asanayambe ntchito. Ifenso tikhoza kunena kuti wonena kuti alibe kanthu, timuimitsira, koma tsiku limene adzabwere kudzalembetsa galimoto kapena kudzapempha tenda, kompyuta imukumbutse. Ndipo wofuna kuima pa chisankho, kaya ukhansala kaya uphungu, ayambe waonetsa kuti ya sukulu anabweza.

Sadzagwidwa onse. Wina adzalembetsa minibasi m'dzina la mkazi wake. Koma bola kuphonya ochenjera ochepa kusiyana ndi kufinya Chikondi kuti tioneke olimba.

Kondwani:
Za aphunguzo ndiye lamulo lake silingadutse, odutsitsa ake ndi omwewo 😂

Aphunzitsi Nachisale (Bangwe):
Che Jali, ndikukumbutseni chinthu china. Dziko lathu lomweli linakhululukidwapo. Mu 2006 Malawi inafufutiridwa ngongole zambiri zakunja pansi pa dongosolo la HIPC, nthawi ya Bingu. Sanafufutire dziko lililonse. Anasankha maiko osaukitsitsa amene ngongole inawapitirira msinkhu, ndipo anaika zoyenera kukwaniritsa kaye. Tsiku limenelo palibe Mmalawi ananena kuti ngongole ndi ngongole. Tinavina.

Che Jali a ku Chigumula:
Tinavina, inde. Lero tili pati? Tabwerekanso mpaka m'khosi. Mwandipatsa umboni wanga, aphunzitsi.

Aphunzitsi Nachisale (Bangwe):
Dziko limabwerekanso chifukwa lilipobe pa msika wa ngongole. Chikondi sakabwerekanso loni ya digiri yachiwiri.

Chikondi:
Kunena zoona, ine chimene ndingasankhe si kufufutiridwa. Atandilola kubwerera kukamaliza zaka ziwiri zotsalazo, ngakhale pa ODeL, maphunziro aja ochitira kutali, ngongole ionjezekere, ndingasaine lero. Ndikhale ndi ngongole yaikulu ndi digiri, kusiyana ndi yaing'ono yopanda kanthu.

Mayi a Tadala (Limbe):
Mwana uyu ndiye wayankhula zanzeru kuposa tonse. Bwanji osamuthandiza choncho? Akamaliza adzabweza zonse, Tadala n'kupeza pobwereka.

Che Jali a ku Chigumula:
Zimenezo ndingasainire nawo. Chikondi, undipeze kumbali, ndili ndi mnzanga amene anaphunzitsapo nthawi yaitali, akhoza kukulangiza za kalembedwe ka kalata yopempha kubwerera. Sindikulonjeza kanthu.

Chikondi:
Zikomo kwambiri bambo. Ndikupezani madzulo.

Mphatso wa ku Ndirande:
Koma pali chimodzi chikundivutabe. Tikuti amuimitsire wosowa ntchito mpaka adzapeze. Nanga akafika zaka 50 asanapeze ya digiri, akungogulitsa ma units? Ngongole imutsate mpaka kumanda?

Dalitso (Leeds):
N'chifukwa chake kuno anaika zaka. Payenera kukhala pothera.

Che Jali a ku Chigumula:
Mukaika zaka, anthu aziwerenga zaka. Tinabisala kuyambira 1985 mpaka 2015 popanda lonjezo lililonse, nanga mukalonjeza?

Bambo a Yamikani (admin):
Tinabisala chifukwa kunalibe wotisaka, Che Jali. Munthu sangakane ntchito yabwino zaka 25 kuti apulumutse ndalama ya fizi. Pothera pakhalepo, koma patali, ndipo pafike okhawo amene chaka ndi chaka amaonekera n'kunena zimene akupeza. Wosowa osaoneka, wotchi yake isayende.

Mayi a Tadala (Limbe):
Ine ndili ndi pempho limodzi, poti nonse mwayankhula bwino. M'gulu muno muli ophunzira ambiri, ena mwangokhala chete kuwerenga. Amene munamaliza kalekale, muli pantchito, nyumba munamanga, ndi angati munabweza? Osayankha ndi pakamwa. Che Jali ati lisiti ali nalo, Dalitso wati anamaliza. Enanu tiyikireni pano tione, mubise nambala zokha. Fomu ya Tadala ya chaka chachiwiri ikudikira ndalama zanuzo.

Bambo a Yamikani (admin):
Pempho lamveka. Langa ndiika mawa ndikafika ku ofesi. Amene munamaliza 2015 isanafike, tikupatsani mpaka Lachisanu. Kondwani, iwe unamaliza 2011, eti?

Kondwani:
Netiweki ya kuno ku Machinjiri ikuvuta kwambiri, mauthenga sakufika bwino.